Wokwera njovu asatiuze kuti kunja kulibe mame

Abale ndi alongo m'midzimo, mafumu athu, komanso inu abusa, ansembe ndi ashehe amene mumawerenga tsamba lino mosaphonya, lero ndiloleni ndisiye kaye nkhani za mitengo ya feteleza ndi misewu yokumbika, ndikambepo za mafilimu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukwinya nkhope ndi kunena kuti zimenezo n'zachibwana. Komatu m'nyumba za vidiyo za m'misika yathu, ngakhalenso pa mafoni a m'manja, ana athu akuonera mafilimu a nkhani zopeka za sayansi, aja a zombo zouluka pakati pa nyenyezi, maroboti ndi nkhondo za m'mlengalenga. M'mafilimu amenewa muli funso limene inu mumalimbana nalo pa guwa ndi pa bwalo la milandu: kodi chabwino ndi choipa zilipodi, kapena munthu aliyense ali ndi chabwino chakechake malinga ndi pamene waima?

Maganizo anga ndiwaneneratu pachiyambi pomwe pano kuti wofuna kunditsutsa akonzeretu cholembera. Mafilimu otchukawa, munthu akawaonera mpaka kumapeto, saphunzitsa kuti ubwino ndi maganizo a munthu chabe. Amaonetsa kuti mau oterewa amakonda kutuluka pakamwa pa munthu amene akufuna mpando, kapena amene wakhala kale pampando ndipo safuna kuti wina amufunse. Vuto ndi lakuti achinyamata ambiri amagwira mau a munthu woipayo chifukwa amanenedwa mokoma, n'kuiwala maliro amene amabwera pambuyo pake.

Tiyambe ndi Star Wars, nkhani imene George Lucas wa ku America adayamba kuionetsa m'chaka cha 1977. Mafilimu atatu oyamba, a 1977, 1980 ndi 1983, amaonetsa ufumu wankhanza wolamulira maiko ambirimbiri a m'mlengalenga, ndi msilikali wake woopsa wovala chigoba chakuda kumutu, dzina lake Darth Vader. Patapita zaka, Lucas adakonzanso mafilimu ena atatu, a 1999, 2002 ndi 2005, ofotokoza mmene ufumuwo udayambira. Munthu angayembekeze kuti udabwera ndi kulanda boma usiku, koma ayi ndithu, udabadwira m'nyumba ya malamulo, masana dzuwa likuswa mtengo.

Palpatine adali phungu woimira dziko la Naboo, munthu wofatsa, wa mau otsika, wooneka wokonda mtendere. Mseri ndiye adasonkhezera gulu la amalonda kuti lizinge dziko lake lomwelo ndi zombo zankhondo. Anthu atasokonezeka, adalangiza mfumukazi ya ku Naboo, Padmé Amidala, kuti ipemphe aphungu achotse mtsogoleri wa nthawi imeneyo, Valorum, ponena kuti ndi wofooka. Mpandowo udagwera iye. M'filimu ya 2002 maiko ena adafuna kuchoka mu mgwirizano wa maikowo, ndipo wotsogolera ogalukirawo, Count Dooku, adali wophunzira wa Palpatine yemweyo mwakabisira. Aphungu, chifukwa cha mantha, adampatsa mphamvu zapadera kuti akhazikitse gulu lankhondo, iye n'kulonjeza kuti adzazibweza mavuto akadzatha. M'filimu ya 2005 adalamula asilikali aja kuti aphe a Jedi, amene adali alonda a mtendere m'maikomo, kenaka adalengeza kuti tsopano iye ndi mfumu ya mafumu. Aphungu ambiri adaomba m'manja.

Kuti zonsezi zitheke, Palpatine adafuna dzanja la mnyamata wamphamvu kwambiri pakati pa a Jedi, Anakin Skywalker. Mnyamatayu adakulira mu ukapolo ku dziko la chipululu la Tatooine. A Jedi adamtenga ali ndi zaka 9, mai ake n'kutsala, ndipo pamene adabwerera patapita zaka 10 adangofikira kuwaona akumwalira m'manja mwake. Atakwatira Padmé mobisa, adayamba kulota mkazi wakeyo akufa pobereka. Palpatine adalidziwa bala limeneli. Tsiku lina ali pa chionetsero cha zisudzo adamuuza mnyamatayo kuti chabwino chimadalira pamene munthu waima, ndi kuti a Jedi ndi adani awo, a Sith, ndi amodzimodzi chifukwa onse amakonda mphamvu. Adamnong'onezanso kuti pali nzeru yoletsa imfa imene a Jedi sangamphunzitse. Anakin adakodwa. Adalowa m'kachisi wa a Jedi napha ngakhale ana aang'ono amene adabisala m'chipinda, amene pomuona adaganiza kuti wabwera kudzawapulumutsa. Pomaliza adatsamwitsa mkazi yemwe uja ankafuna kumteteza ku imfa, ndipo pomenyana ndi mphunzitsi wake Obi-Wan Kenobi adanenetsa kuti kwa iye oipa ndi a Jedi. Uyu ndiye adasanduka Darth Vader.

Tsono taonani bwino, abale anga. Palpatine adaphunzitsa kuti aliyense ali ndi kaonedwe kake, koma atakhazikika pampando sadalole munthu wina aliyense kukhala ndi kaonedwe kosiyana ndi kake. M'filimu ya 1977 nduna yake yankhondo, Tarkin, idaphulitsa dziko lonse la Alderaan pamodzi ndi anthu ake onse pofuna kuopseza maiko ena. Ngati n'zoona kuti chabwino chimadalira pamene munthu waima, kodi anthu a ku Alderaan sadaime penapake? Nanga ana aja a m'kachisi, adawafunsa ndani maganizo awo? Chiphunzitso chimenechi chidali nyambo chabe. Ntchito yake idali kumasula chikumbumtima cha Anakin pa chikhomo chakale kuti chikamangidwe pa chikhomo cha mbuye watsopano.

Pano wina anena kuti, a Mkonzi, mukuwayeretsa a Jedi chikhalirecho nawonso adali ndi zawo. N'zoona, ndipo sindibisa. Ankatenga ana kwa makolo awo akadali aang'ono, nawaletsa kukwatira akakula. Sadabwerere kukaombola mai a Anakin mu ukapolo. Adavomera kutsogolera asilikali opangidwa mochuluka ngati katundu ku dziko la Kamino, anthu amene sadafunsidwe ngati akufuna kumenya nkhondo. Mkulu wawo wina, Mace Windu, atamgonjetsa Palpatine adafuna kumupha pomwepo osamtengera ku bwalo la milandu. Zonsezi n'zolakwa. Koma pamene tikunena kuti a Jedi adalakwa, tagwira kale muyeso m'manja, ndipo muyesowo ndi womwe uja umene ukutsutsa Palpatine. Mlimi akapeza kuti mavenda awiri onse akumubera pa sikelo, sanena kuti kilogalamu kulibe. Amati onse awiri ndi akuba, wina pang'ono, wina kwambiri.

Lucas mwiniwake adanenapo kuti pokonza nkhaniyi adayang'ana mbiri ya Julius Caesar ku Roma, Napoleon ku France ndi Adolf Hitler ku Germany, pofuna kumvetsa mmene anthu amaperekera okha ufulu wawo kwa munthu mmodzi. Ku Germany nyumba ya malamulo idapsa ndi moto pa 27 Febuluwale 1933, ndipo pa 23 Malichi chaka chomwecho aphungu adavomereza lamulo lopatsa boma la Hitler mphamvu zopanga malamulo popanda iwo. Amalawi achikulire sasowa wowamasulira zoterezi. Boma la chipani chimodzi la 1966 ndi upulezidenti wamuyaya wa 1971 zidakhazikitsidwa mwalamulo, anthu akuomba m'manja, ndipo padafunika kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya pa 8 Malichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kuti mfundo ija imasuke.

Palpatine adali wachinyengo kuyambira pachiyambi, choncho n'kosavuta kumuloza chala. Filimu yovuta kwambiri, imene ndikufuna inu atsogoleri a zipembedzo muidziwe, ndi Dune, yochokera m'buku la Frank Herbert la 1965. Denis Villeneuve wa ku Canada adatulutsa gawo lake loyamba mu 2021 ndi lachiwiri mu 2024. Nkhaniyi ikuchitikira pa dziko la mchenga wokhawokha lotchedwa Arrakis, kumene madzi ndi osowa koma kumapezeka fumbi lamtengo wapatali limene popanda ilo zombo sizingayende maulendo atali. Eni dzikolo, a Fremen, akhala akuponderezedwa ndi banja lankhanza la Harkonnen. Banja lomweli lidathira nkhondo banja la mnyamata Paul Atreides, bambo ake n'kufa, iye ndi mai ake Jessica n'kuthawira m'chipululu kwa a Fremen. Mlandu wa Paul udali wolungama, ndipo wa a Fremen udali wolungama koposa.

Koma a Fremen adali ndi ulosi wakuti kudzabwera mpulumutsi wochokera kunja, ndipo filimuyo ikunena poyera kuti ulosiwo udabzalidwa dala kalekale ndi gulu la amai lotchedwa Bene Gesserit, kumene Jessica adachokera, kuti udzathandize anthu a gululo pa tsiku la mavuto. Paul ankazidziwa zimenezi. Ankaonanso m'masomphenya kuti akavomera kutchedwa mpulumutsi padzabuka nkhondo ya chipembedzo yopha anthu osawerengeka. Poyamba adakana. Mudzi wa a Fremen amene adamulandira utaphulitsidwa ndi adani, adavomera. Stilgar, mkulu amene adamulandira namuphunzitsa moyo wa m'chipululu, adafika pomaona chilichonse chimene Paul wachita ngati chizindikiro cha ulosi. Pamene Paul adalanda mpando wachifumu ndipo a Fremen adagwada, mtsikana Chani, amene ankamukonda, adakana kugwada nachoka. Herbert adanenapo kangapo kuti adalemba nkhaniyi pofuna kuchenjeza anthu za atsogoleri okopa mitima, ndipo buku lake lotsatira, Dune Messiah la 1969, limafotokoza kuti nkhondo ya Paul idapha anthu mabiliyoni 61.

Apa ndiye pali phunziro lowawa. Paul sadali wonyenga ngati Palpatine. Adali mnyamata wolira bambo ake, wokonda anthu oponderezedwa. Koma adagwiritsa ntchito chikhulupiriro chimene ankadziwa kuti chidabzalidwa ndi anthu, ndipo atatero sadathenso kubwerera. Anthu akayamba kumuona mtsogoleri ngati wotumidwa kuchokera kumwamba, kumudzudzula kumasanduka tchimo, ndipo amene adali abwenzi ake amangotsala oyankha kuti ameni.

Chitsanzo chachitatu ambiri mwa achinyamata athu akuchidziwa bwino, ndicho Black Panther ya 2018, imene adaikonza Ryan Coogler. Ikukamba za dziko lopeka la mu Africa lotchedwa Wakanda, lolemera ndi chitsulo chodabwitsa koma lodzibisa kwa maiko ena. Killmonger adali mwana wa mng'ono wake wa mfumu. Bambo ake adaphedwa ndi mfumuyo mu mzinda wa Oakland ku America mu 1992, ndipo mwanayo adangosiyidwa konko wamasiye. Kwathu kuno tikadati iye ndi T'Challa, mwana wa mfumu, ndi pachibale penipeni, ana a munthu ndi mphwake. Killmonger atakula adabwera ndi funso labwino: bwanji Wakanda adakhala chete pamene anthu akuda ankagulitsidwa ukapolo ndi kuponderezedwa? Koma atapambana nkhondo ya pa mwambo nakhala mfumu, adalamula kuti atenthe munda wonse wa zitsamba zimene zimapatsa mfumu mphamvu, kuti pasadzaukenso mfumu ina pambuyo pake, ndipo mai wachikulire amene adazengereza adamgwira pakhosi. Kenaka adalamula kuti zida zitumizidwe kunja kukayatsa nkhondo m'maiko ena. T'Challa atabwerera pampando adavomera kuti makolo ake adalakwa, natsegula dzikolo kuti lithandize ena. Filimuyo idavomereza dandaulo la Killmonger, koma idakana kuti kulakwiridwa kumapatsa munthu chilolezo chochita chilichonse.

Tikaika nkhani zitatuzi pamodzi, tiona njira imene mphamvu zimaonongera munthu. Sizimuuza kuti akonde choipa. Zimayamba ndi chifukwa chomveka: Anakin ankaopa imfa ya mkazi wake, Paul ankafuna chilungamo pa imfa ya bambo ake, Killmonger ankalira umasiye wake ndi wa mtundu wake. Kenaka munthuyo amadziuza kuti popeza cholinga n'chabwino, malamulo a masiku onse angadikire kaye. Akatero amachotsa mmodzimmodzi aja amene akadamuuza kuti ayi, ena powapha, ena powaopseza, ena powasandutsa omupembedza. Pomaliza sipatsalanso womukumbutsa, ndipo chabwino chimangokhala chimene iye wafuna m'mawa umenewo. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mame alipo ndithu, koma amanyowa nawo ndi amene akuyenda pansi. Ndiye chifukwa chake wofuna kudziwa ngati chinthu n'chabwino afunse woyenda pansiyo.

Maganizowa sadayambe ndi mafilimu. M'chaka cha 1887 Lord Acton, Mkatolika wa ku England wodziwa za mbiri yakale, adalembera kalata Mandell Creighton, wansembe wa Anglican amene ankalemba mabuku a mbiri ya apapa ndipo pambuyo pake adakhala bishopu wa London. Acton adadandaula kuti mnzakeyo ankawafewetsera mlandu apapa ndi mafumu akale chifukwa cha udindo wawo. Adatsutsa zoti papa kapena mfumu ayesedwe ndi muyeso wopepuka kusiyana ndi anthu wamba, ndipo m'kalata yomweyo ndi mmene adanena kuti mphamvu zimakonda kuononga munthu, ndi kuti zikakhala zopanda malire zimamuonongeratu. Onani kuti mfundo ziwirizi n'zolumikizana. Munthu sanganene kuti mphamvu zaononga wakuti ngati sakhulupirira kuti pali ubwino umene wakutiyo wausiya.

Inu abusa mukuidziwa bwino nkhani ya mfumu Davide mu 2 Samueli, mutu 11 ndi 12. Adatenga mkazi wa Uriya, nakonza kuti mwamunayo afere ku nkhondo, ndipo m'nyumba yachifumu mudalibe wotsegula pakamwa. Mneneri Natani adabwera ndi fanizo la munthu wolemera amene adalanda kamwana kankhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Davide adapsa mtima naweruza kuti wolemerayo ndi woyenera chilango, osadziwa kuti akudziweruza yekha. Izi zikutiuza kuti ufumu sudafufute muyeso mumtima mwake. Adangoleka kudziyesa nawo. Star Wars nayonso idathera pomwepo m'filimu ya 1983. Darth Vader adaima akuonerera mbuye wake Palpatine akuzunza Luke, mwana wake weniweni, ndi mphezi zotuluka m'manja, mpaka adamunyamula mbuyeyo namponya m'dzenje lakuya, ngakhale kutero kudamtayitsa moyo. Pa mphindi imeneyo palibe adamuuzanso kuti nkhanza zimadalira pamene munthu waima, chifukwa wozunzikayo adali magazi ake.

Sindikukana kuti anthu timasiyana pa zambiri. Kwa Achewa ndi Ayao ambiri mwamuna amapita ku chikamwini, pamene kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba amapereka malowolo, mkazi n'kupita kwa mwamuna. Ena amadya mbewa, ena sangazikhudze. Msilamu sadya nkhumba, mnansi wake amaziweta. Pa zinthu zotere ndi bwino kulolerana, ndipo wodziyesa kuti mwambo wake wokha ndiwo wolungama akusowa nzeru. Paliponso milandu yovutadi, imene anthu abwino amakangana mpaka dzuwa kulowa. Koma pitani ku Karonga kapena ku Nsanje, mukafunse ngati n'kwabwino kulanda munda wa mai wamasiye, kupha mwana wosalakwa, kapena kudya ndalama za chipepeso cha maliro. Yankho likakhala limodzi. Ngakhale wochita zimenezi amazichita mobisa, ndipo zikamchitikira iye amalira kuti walakwiridwa.

Tsono pempho langa kwa makolo ndi atsogoleri a mipingo ndi ili. Musangowaletsa ana kuonera mafilimuwa n'kuganiza kuti mwathana nazo, chifukwa akaonera ndithu kumbali, ndipo mau a Palpatine akawamva popanda wowathandiza kuwasanthula. Afunseni kuti akufotokozereni nkhaniyo madzulo mukamadya. Akafika pa munthu wonena kuti chabwino ndi choipa n'zongoganizira, afunseni kuti wonenayo akufuna kupeza chiyani, ndipo ndani adalira chifukwa cha mau akewo. Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso awiriwa pa filimu adzawafunsanso pa msonkhano wa ndale, ngakhale kwa mneneri wolonjeza zozizwitsa.

Pempho lachiwiri ndi la ife tonse amene tagwira kaudindo, kaya ndi ufumu wa m'mudzi, ubusa, umsungichuma wa banki m'khonde, upampando wa komiti ya sukulu, ngakhale ukonzi wa nyuzipepala. Palibe mwa ife amene adzaphulitse dziko ngati Alderaan, koma njira yake ndi yomweyo. Tsiku limene mabuku a chopereka aleka kuwerengedwa poyera chifukwa abusa ndi munthu wa Mulungu, tsiku limene mfumu yagawa malo osafunsa nduna zake chifukwa zinthu n'zachangu, tsiku limene wapampando wati chisankho chidikire kaye mpaka amalize chitukuko, dziwani kuti ulendo uja wayambika. Mtsogoleri wanzeru amasunga pafupi munthu mmodzi kapena awiri amene angathe kumuuza kuti apa mwalakwa, ndipo sawalanga akatero. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utavala chisoti chachifumu.

Amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga pa nkhaniyi, makamaka inu achinyamata amene mafilimuwa mumawadziwa kuposa ine, tsamba lino ndi lanu. Lembani mwachidule ndi mwaulemu, ndipo makalata anu tidzawasindikiza ngakhale akhale onditsutsa.

Mkonzi